Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo ndi a zankhalango: gondolosi akutha tisanamuyeze

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna oona za nkhalango, akuluakulu a bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, a ku National Herbarium ku Zomba, komanso inu aphunzitsi athu a ku mayunivesite a KUHeS ndi MUST,

Ndakupatsani moni nonse mmaudindo mwanumo. Ine ndine munthu wamba, ndimakhala ku Zomba konkuno mmunsi mwa phiri, ntchito yanga ndi ya nazale, ndimafesa mitengo mmachubu nkumagulitsa kwa anthu, masukulu ndi matchalitchi. Udokotala ndilibe, using'anga ndilibenso, koma ndinaleredwa ndi agogo aakazi omwe mitengo ankaidziwa ngati ana awo, ndipo zomwe ndikufuna kukuuzani pano ndaziona ndi maso angawa kwa zaka zambiri mpaka mtima wafika poti ndisakhalenso chete.

Nkhani yanga ndi ya gondolosi. Ndikudziwa ena mwa inu mwamwetulira kale pongoona dzinalo, ndipo vuto lathu likuyambira pomwepo. Mtengo uwu timautchula monong'ona, timaugula mobisa pa windo la minibasi, ukautchula pa msonkhano anthu amangoti gwa kuseka nkhani nkuthera pomwepo. Chikhalirecho tsiku lililonse pa depoti ya Lilongwe, ku Limbe, mmisika ya mmaboma, anyamata akuyenda ndi mitolo ya mizu imeneyi ndipo ikugulidwa, akugula ake ndi abambo a ulemu wawo ndithu, ena ovala mataye. Chinthu chomwe anthu ambirimbiri akutafuna tsiku ndi tsiku sichingakhale nkhani ya nthabwala kwa anthu omwe munapatsidwa udindo woyang'anira zomwe zikulowa mmatupi mwathu. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndiye manyazi athu pa gondolosi ndi omwe akupangitsa kuti mtengowu uzitha mtchire popanda oulankhulira, komanso kuti anthu azimwa zinthu zosadziwika mdzina lake.

Mwina ndiyambe ndakuuzani mmene ndinamudziwira ine, chifukwa ambiri amangodziwa muzu wouma uja wa pa msika, mtengo wake sanauonepo. Gondolosi ndi mtengo woyanga, umakwera mmitengo ina mmalo achinyontho, mmbali mwa mitsinje ndi mmphepete mwa nkhalango zowirira. Masamba ake ndi akuluakulu, otambalala ngati chikhatho cha munthu wamkulu kapena kuposa, amakhala awiriawiri moyang'anana, ukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Zipatso zake zimabweranso ziwiriziwiri ngati nyanga, zikauma zimang'ambika nkutulutsa njere zokhala ndi ubweya ngati thonje zomwe zimauluka ndi mphepo. Agogo ankanditenga mmamawa ndi kakhasu kakang'ono, tikafika patsinde ankagwada nkuyamba kupalasa dothi ndi manja kutsatira muzu umodzi, chifukwa mizu yake imayenda chapamwamba pomwepa, siimira pansi kwambiri. Akaupeza ankadula mbali imodzi yokha, kenaka nkukwirira bwinobwino, kupondaponda, nkuwazapo masamba ouma. Ndikafunsa kuti agogo bwanji osangotenga yonse poti tabwera kutali, ankangoti nanga mawa ukadwala ukakumba chani. Fungo lake likadali mmphuno mwanga mpaka lero, muzu ukangoupala pang'ono umanunkhira ngati vanila uja amathira mu keke, ukatafuna khungwa lake umayamba ndi kakuwawa kenaka mkamwa monse mumatsekemera kwa nthawi yaitali, olo madzi akumwa amakoma.

Ndipo chomwe anthu sadziwa nchakuti agogo sankakumba gondolosi chifukwa cha abambo okha ayi. Munthu akadwala nthawi yaitali mkamwa nkumawawa osafuna nsima, ankamupatsa kachidutswa kuti atafune chilakolako cha chakudya chibwerere. Wina akadzimbidwa kapena mmimba mukamapota ankamuviikira mmadzi. Za mphamvu za mnyumbazo zinalipo inde, abambo ankabwera chakumadzulo nkukhala pa khonde kudikira kuti ana tichoke, koma inali ntchito imodzi mwa zingapo. Anzathu a maiko ena amamudziwanso, ku Kenya amati mukombero, ku Uganda mulondo, Azulu amati umondi, ndipo dzina la asayansi loti Mondia whitei linachokera ku dzina la Chizulu lomwelo. Anthu otalikirana chonchi, osamvana zilankhulo, onse nkumagwiritsa ntchito muzu umodzi pa zinthu zofanana, ine ndimaona kuti pamenepo pali chifukwa chokwanira choti munthu wophunzira aime kaye nkuyang'anitsitsa.

Pano kumtsinje komwe tinkapita ndi agogo kulibe olo tsinde limodzi. Ndinapitako chaka chatha ndi mwana wanga kuti ndikamuonetse, tinayenda mpaka miyendo kuwawa, tinangopeza maenje akale. Anyamata okumba masiku ano sindingawadzudzule kwambiri, ndi njala, ogula akufuna thumba lodzadza ndipo amalipira pa mulu, ndiye munthu amazula chilichonse, waung'ono ndi waukulu yemwe, mtengo nkufa. Mankhwala a masamba amaphukiranso, koma mankhwala a muzu ukazula wapha. Kuphatikiza apo nkhalango zomwe gondolosi amayangamo zikupita ndi makala. Ku South Africa mtengo umenewu unalowa kale pa mndandanda wa zomera zomwe zili pa chiopsezo chakutha, chifukwa cha kukumba komweku. Mavenda omwe ndimacheza nawo akuti mizu ikuluikulu ija ikusowa, akubweretsa tingonoting'ono ngati chala cha mwana, ndipo okumba akupita kutali kuposa kale. Inu a zankhalango, mukamawerenga mitengo yomwe ikutha mumatchula mkungudza wa ku Mulanje, mlombwa, mbawa, ndipo nzoona imeneyo ikutha, koma tizitsamba toyanga ngati iti timatha mwakachetechete chifukwa sitipanga matabwa.

Tsopano ndibwere kwa inu a sayansi, chifukwa sikuti palibiretu chomwe chinachitika. Ndinayesetsa kufufuza ndi kufunsa ana asukulu omwe amabwera kudzagula mbande, ndipo zomwe ndinapeza zinandisangalatsa komanso kundiopsa nthawi imodzi. Fungo la vanila lija akuti limachokera ku kemiko yotchedwa 2-hydroxy-4-methoxybenzaldehyde, yomwe ndi pachibale ndi vanillin, kemiko yonunkhiritsa vanila. Mmalawi mnzathu, a Fanuel Lampiao omwe anali a ku College of Medicine (yomwe lero ili mu KUHeS), pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa anatulutsa kafukufuku mu 2008 woonetsa kuti madzi a gondolosi akawasakaniza ndi umuna wa munthu mu labu, mbewu zija zimayenda mwamphamvu kuposa zosathiridwa. Ku Cameroon a Pierre Watcho ndi anzawo anayesa pa makoswe, ndipo anapeza kuti akawapatsa kwa masiku ochepa homoni yachimuna yotchedwa testosterone imakwera. Apa munthu ukhoza kuwomba mmanja kuti agogo aja sankanama. Koma gulu lomwelo la ku Cameroon mu 2001 linapatsa makoswe gondolosi wambiri tsiku ndi tsiku kwa masiku 55, ndipo ziwalo zopanga umuna zinawonongeka, makoswe aja anasiya kupanga mbewu, mwayi wake atawasiyitsa zinabwerera mchimake.

Taganizirani bwino pamenepa akuluakulu. Muzu womwewo, pang'ono ukuoneka kuti ukuthandiza, wambiri kwa nthawi yaitali ukuoneka kuti ukutseka mbewu. Inde khoswe si munthu, ndipo za mu labu si za mthupi, zimenezo ndikuzimvetsa. Koma ndiye nchifukwa chake pakufunika kuti wina apitirize kuchokera pomwe anzathuwa anasiyira. Pali bambo kwinakwake yemwe banja lake likusowa mphatso, achibale akumunena mkazi wake, iye akutafuna gondolosi mmawa masana ndi madzulo kwa chaka chathunthu poganiza kuti akuthandiza, ndani angamuuze kuti mlingo wake ndi uwu, apa wapyola? Wogulitsa sadziwa, a kuchipatala akafunsidwa amangoti zimenezo ife sitidziwa siyani, ndiye munthu amabwerera kwa wogulitsa yemwe uja poti ndi yekhayo amene akumuyankha. Nanga wa BP yemwe akumwa mapilisi tsiku lililonse, wa shuga, wa ma ARV, akaphatikiza ndi gondolosi chimachitika nchani mthupi? Anthu amenewa alipo ambiri ndipo akuphatikiza kale, sakudikira chilolezo cha wina aliyense.

Chomwe chinandikankha kuti ndilembe kalatayi ndi zomwe zinawachitikira alamu anga. Ndi bambo wa zaka za mma 50, amamwa mankhwala a mtima. Anagula kabotolo ka ufa kwa munthu wina woyenda ndi chikwama, pa lebulo panangolembedwa kuti gondolosi wamphamvu ndi nambala ya foni basi, osalemba kuti muli chani, wapanga ndani, liti, amwe wochuluka bwanji. Anathira mu tiyi madzulo. Pasanathe ola anayamba chizungulire, thukuta kuti chititi, maso kuchita mdima, anagwa pakhomo la bafa mpaka kuchekeka pachipumi. Achemwali anga anandiimbira akulira, tinawanyamula pa galimoto ya neba usiku omwewo. Kuchipatala anati BP yatsika kwambiri, adokotala anafunsa kuti amwa chani, achemwali mwamanyazi anatulutsa kabotolo kaja mchitenje. Ine ndinakatsegula nkununkhiza. Akuluakulu, gondolosi ndimamudziwa kuyambira ndili mwana, ufa umene uja fungo la gondolosi munalibe olo pang'ono, unali woyera mbuu kusiyana ndi muzu wosinja. Adokotala aja anatiuza kuti mmaiko ambiri ma labu akhala akupeza sildenafil, mankhwala a mu Viagra aja, atasinjidwira mu zinthu zomwe zikugulitsidwa ngati zitsamba za abambo, ndipo kuti sildenafil akakumana ndi mankhwala ena a mtima a mtundu wa nitrate BP imagwa moti munthu akhoza kufa. Alamu anachira, tikuthokoza Mulungu. Kabotolo kaja ndinayenda nako maofesi awiri kufuna kuti wina akayeze, kwina anandiuza kuti si kwao, kwina anati ndilipire ndalama yomwe ine wa nazale sindingaikwanitse. Kali mnyumba mwanga mpaka lero, ndinakakulunga mu pepala la pulasitiki.

Ndiye onani mmene zikupwetekera mbali zonse. Wogula akupwetekeka. Sing'anga weniweni yemwe amagulitsa muzu woona dzina lake likuipa chifukwa cha akuba ovala majekete. Ndipo gondolosi yemwe akunamiziridwa mlandu woti si wake, mawa mudzangomva kuti waletsedwa, chonsecho wolakwa ndi ufa wa feki.

Pali mbiri ina yomwe ndikufuna ndikukumbutseni, poti ena mwa inu munaiphunzira koma mwina simunaiike pamodzi ndi nkhani ya lero. Gondolosi ali ndi mbale wake wa banja limodzi la zomera, dzina lake kombe. Makolo athu a Chimang'anja ku chigwa cha Shire ankasinja njere za kombe nkupanga ulembe wopaka ku mivi, nyama ikalasidwa mtima unkaima. Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi womwe unayamba mu 1858 panali dokotala wina wodziwanso zomera, John Kirk. Iyeyu anatola kombe nkusunga mthumba momwe munalinso mswachi wake, tsiku lina potsuka mmano anamva kuwawa, kenaka anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Njere zija zinapita ku Britain, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza kwa zaka zambiri nkupezamo mankhwala omwe anawatcha strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti ndi othandiza odwala mtima. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kugulitsa mankhwalawo mmabotolo. Njere zinkachoka kuno, John Buchanan wa ku Zomba konkuno ndi African Lakes Company ankatumiza kunja. Mpaka lero mmabuku a sayansi mtengowo umatchedwa Strophanthus kombe, dzina lathu lenileni lili pomwepo. Koma alenje omwe anadziwa mphamvu ya njere imeneyi zaka mazana Kirk asanabadwe, maina awo sanalembedwe paliponse, ndipo zidzukulu zawo ku Chikwawa ndi ku Nsanje zinangotsala ndi ntchito yotola njere.

Nkhani ya kombe imandiwawa pawiri. Koyamba chifukwa nzeru inali yathu phindu linapita kwina. Kachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumve, chifukwa chomwe chinasandutsa ulembe kukhala mankhwala a mtima sichinali matsenga, anali munthu yemwe anakhala pansi zaka ndi zaka kuyeza kuti mlingo wopha ndi uti, wochiza ndi uti. Nthawi imeneyo tinalibe ma labu, tinalibe mayunivesite. Lero tili ndi KUHeS, tili ndi MUST ku Thyolo, tili ndi a chemistry ku University of Malawi, tili ndi Malawi Bureau of Standards, tili ndi ana athu omwe anapita mpaka ku PhD. Gondolosi akadzatengedwa ndi kampani yakunja nkubwerera kuno ali mu kapisozi wa madola, ulendo uno sitidzakhala ndi wina womuloza chala.

Ndipo musaganize kuti ndikunena kuti chilichonse cha mtchire nchabwino, ayi ndithu. Ndikukumbuka 1995 pomwe anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa a Billy Chisupe kukamwa mchape poti unkachiza Edzi, ife tinataya abale omwe anabwerako ndi chikhulupiriro choti achira. Ndimamvanso zotsatsa zina zomati botolo limodzi likuchiza shuga, BP, khansa, mabomu ndi kusabereka, zimenezo ndi kuba ndipo zimapha chifukwa munthu amasiya mankhwala a kuchipatala. Agogo anga omwe ankadziwa malire awo, mwana akabwera ndi malungo aakulu kapena mayi akutaya magazi ankakalipa kuti mukutaya nthawi pano bwanji thamangani kuchipatala. Chomwe chimasiyanitsa mchape ndi LA yemwe tikumwa pa malungo kuyambira 2007 ndi kuyeza basi. LA uja mbali yake imodzi inachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua chomwe asing'anga akumeneko ankagwiritsa ntchito pa kutentha thupi, boma lawo linaika ndalama ndi anthu, mayi Tu Youyou ndi gulu lawo anapezamo artemisinin ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Akanakhala kuti ankaseka zitsamba zawo ngati mmene ife tikusekera gondolosi, bwenzi ana athu akufabe ndi malungo ngati kale.

Ndiye pempho langa ndi lotani? Kwa inu a PMRA, lamulo la 2019 lomwe linakukhazikitsani linakupatsani mphamvu pa mankhwala, azitsamba omwe. Tumani anthu agule timabotolo ndi timapaketi tomwe tikugulitsidwa mdzina la gondolosi mmisika ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, mukayeze ngati muli sildenafil kapena zina, ndipo zotsatira zake mutiuze pa wailesi mChichewa ndi mChitumbuka, osati mu lipoti la Chingerezi lokhala mu kabati. Pakhalenso khomo limodzi lodziwika komwe munthu wamba ngati ine, kapena a kilinikala a pa health centre, angapititse sampulo yokayikitsa popanda kulipira ndalama zoopsa. Ndipo aliyense wogulitsa ufa kapena madzi a mbotolo alembe dzina lake, komwe ali, zomwe zilimo ndi tsiku lomwe wapanga. Wogulitsa muzu wathunthu musamuvutitse, muzu umaoneka ndi maso ndipo umanunkhira, chinyengo chimabisala mu ufa.

Kwa inu a Unduna wa Zaumoyo ndi mayunivesite, ndikupempha kafukufuku wa pa anthu, wochitika mwa ndondomeko yake, woti atiuze zinthu zitatu zomwe wogula aliyense amafuna kudziwa, kodi amagwiradi ntchito, mlingo wake ndi uti, ndipo ndani asayerekeze kumwa. Anthu ofuna kulowa mu kafukufuku ameneyo simudzawasowa, akutafuna kale. Ndikudziwa muyankha kuti ndalama palibe, bajeti ya zaumoyo ndi yoperewera, mzipatala mukusowa ndi panado yemwe. Nzoona. Koma kafukufuku wambiri mdziko muno amayendera zomwe opereka ndalama akunja akufuna, ndipo iwowo sadzabwera kudzatifunsa za gondolosi mpaka tsiku lomwe adzaonemo phindu lawo. National Commission for Science and Technology ilipo, ikani kagawo kochepa chabe ka mitengo yathu isanu kapena khumi yomwe anthu akugwiritsa ntchito kwambiri, gondolosi, muwawani, mvunguti ndi ina, ophunzira a masters azipangirapo ma pulojekiti awo chaka ndi chaka mpaka tidziwe. Ndipo asing'anga muwaitane ngati eni nzeru, akhale nawo pa tebulo kuyambira pachiyambi, maina awo alembedwe. Ambiri amabisa chifukwa anaona anzawo akufunsidwa mafunso ndi anthu a makope, kujambulidwa zithunzi, kenaka zii osamvanso kanthu.

Pa nkhani ya umwiniyi malamulo alipo kale. Pangano la Nagoya la 2010, lomwe Malawi analowamo mu 2014, limanena kuti wofuna kutenga chomera kapena nzeru za anthu a dera apemphe kaye ndipo phindu ligawidwe. Ku South Africa mu 2019 makampani a tiyi wa rooibos anasainira kuti azipereka 1.5 peresenti ya mtengo wogulira kwa alimi kupita kwa a Khoi ndi a San, mitundu yoyamba kukhala m'dzikolo, poti nzeru inali yawo. Zinatenga zaka zambiri akukangana koma zinatheka. Kuno mfumu ya kumudzi ikaona mlendo akutola zitsamba ndi kufunsa mafunso, ikudziwa kuti ili ndi ufulu wofunsa kalata ya chilolezo? Mafumu ambiri omwe ndimawadziwa ine sanamvepo za Nagoya. Auzeni.

Koma chachikulu kwa ine, poti ndine wa nazale, ndi ichi: gondolosi amadzalika. Ndikubwereza, amadzalika, ndipo savuta. Zaka zinayi zapitazo mnzanga wina anandibweretsera zipatso ziwiri zouma kuchokera kwao, ndinachotsa ubweya uja nkufesa njere mu dothi la mtsiro wosakaniza ndi manyowa ndi mchenga pang'ono, pansi pa shedi ya udzu, ndipo zambiri zinamera pasanathe mwezi. Ndinawokera mmunsi mwa mitengo ya mango ndi mapeyala kuseri kwa nyumba, ndikuthirira chilimwe choyamba chokha, pano anayanga mpaka kunsonga ndipo ayamba kubereka okha. Chaka chachitatu ndinakumba muzu umodzi mmene ankachitira agogo, fungo lake lomwe lija ndendende. Salanda malo a chimanga, amakwera mmitengo yomwe ilipo kale, ndipo munthu yemwe ali ndi gondolosi pa mtengo wake sangaudule kuti awotche makala poti ukumubweretsera ndalama uli chiimire. Ku Kenya, kufupi ndi nkhalango ya Kakamega, mabungwe a kafukufuku a ICIPE ndi KEFRI anathandiza alimi kudzala mukombero mminda mwawo nkumapanga ufa wopakidwa bwino wogulitsa mmashopu, cholinga chake anthu asiye kukumba mnkhalango. Ifeyo chikutikanika nchani? Chaka chilichonse dzinja likafika timadzala mitengo mamiliyoni, nduna zimabwera ndi makasu atsopano, koma mbande zake ndi bulugamu, paini, kesha, zomwezomwezo. A bungwe la kafukufuku wa nkhalango la FRIM ndi a Herbarium, sonkhanitsani mbewu ya gondolosi kuchokera mmadera osiyanasiyana isanathe, Mulanje, Zomba, Nkhata Bay, Ntchisi, kulikonse komwe yatsala, muisunge ndi kuichulukitsa, mupatse ma nazale a mmidzi ndi makalabu a amayi. Anyamata omwe akukumba mtchire aja ndi omwe akudziwa komwe mitengo yatsala, muwalembe ntchito yotola njere mmalo mowathamangitsa.

Ndipo kudzala kumathandizanso a labu, chifukwa muzu wa mmunda umadziwika zaka zake, dothi lake ndi nthawi yomwe wakumbidwa, pomwe wa pa msika wina ndi wa chaka chimodzi wina wa zaka khumi, wina si gondolosi nkomwe. Simungapeze mlingo pa chinthu chomwe mphamvu yake ikusintha thumba lililonse.

Agogo anamwalira ndili ku sekondale. Ankadziwa mitengo yoposa yomwe ine ndingaitchule, ine ndinagwirako mwina khumi ndi isanu, ina yonse inapita nawo kumanda chifukwa nthawi imeneyo ndinkaona ngati za kusukulu zokha ndiye nzeru, ndipo palibe anabwera kudzawafunsa. Mmidzi mwathu mukadali agogo ena otero, owerengeka, akukalamba. Pa 31 August chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira mankhwala a makolo mu Africa, mumavala ma T-shirt nkuyankhula bwino, ine ndikupempha kuti la chaka chikubwerachi mudzabwere ndi zotsatira za timabotolo tija mmanja, olo makumi awiri okha, mudzatiwerengere kuti umu tapezamo chakuti umu chakuti.

Kwanga kuno ndili ndi mbande za gondolosi zokwana 300 mmachubu zomwe zikhale zokonzeka kuwokera mvula ikayamba, ndi mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yomwe ndikudziwa tsiku lomwe ndinaifesa. Wophunzira aliyense wa ku yunivesite yemwe akufuna mizu yodziwika zaka zake kuti akayeze, ndimupatsa ulere, adzangobwera ndi kalata ya kusukulu kwake. Kabotolo ka alamu anga kaja nakonso ndikasungabe, tsiku lomwe mudzatsegule khomo lolandirira masampulo ndidzakhala woyamba pa mzere.

Ndine wanu,
Wa nazale wa ku Zomba